Dothi la Atsibweni Mphonde

Ntchito imene ndinagwira nthawi yaitali ku Dar es Salaam inali yosamalira manda a asilikali. Ndikunena poyambirira pomwe, chifukwa masiku ano ndilibenso mphamvu zozungulira nkhani. Kale anthu akandifunsa ndinkati ndine wa maluwa, ndipo silinali bodza, kungoti pansi pa maluwawo panali anthu.

Kwathu ndi ku Ntchisi. Ndinachoka chaka chimene fodya anatichititsa manyazi ku okushoni, ndipo ndinasiya mkazi wanga Esinati ali ndi mwana kumsana, dzina lake Tadala. Amayi anga, a Nachisale, anali akadali ndi mphamvu zolima okha munda wa kudambo. Amene ananditenga ndi Layitoni, mnzanga wa paubwana, amene ankayendetsa lole ya feteleza pakati pa doko la Dar ndi Lilongwe. Iye ndiye anandiuza kuti kumeneko Mnyasa, mmene amatitchulira ife Amalawi, sagona ndi njala, chifukwa mabwana amatikonda pa ntchito za m'nyumba ndi za m'maluwa. Anati wandipezera kale malo kwa mkulu wina wakwathu. Layitoni ndi wabwino mtima, koma amalankhula zonse kupatula zofunikazo.

Mkulu uja anali Mzee Kambewa. Bambo ake anachokera ku Dowa kalekale, iye anabadwira ku Dar komweko, ndiye Chichewa ankachimva chonse koma polankhula chinkatuluka chitasakanikirana ndi Chiswahili. Tsiku loyamba anandilowetsa pa geti lina m'mbali mwa msewu wa ku Bagamoyo. Ndinaona kapinga wometedwa bwino, mipanda ya maluwa, ndi miyala yoyera itandondozana m'mizere yowongoka. Ndinafunsa ngati eni nyumba ali m'kati. Mzee anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti eni ake ndi omwe ndayandikana nawowo, ndipo sadandaula kawirikawiri.

Ndinafuna kubwerera pomwepo. Kwathu munthu salowa kumanda popanda maliro, ndipo akatulukako amayamba wasamba asanagwire mwana. Apa ankafuna ndizilowa m'mawa uliwonse, ndizimwera momwemo tiyi ndi chapati, ndizigwada kumutu kwa wakufa n'kumazula udzu. Koma ndikanabwerera kuti? Layitoni anali atanyamuka kale, m'thumba munalibe kanthu, ndipo walira mvula walira matope. Ndinalandira khasu ndi paipi yothirira.

Ndinapeza kachipinda ku Tabata, m'nyumba ya mabanja ambiri, kumene madzi tinkachita kugula ndipo chimbudzi tinkachita kuimira pamzere. M'mawa ndinkapanikizana ndi anthu m'daladala, minibasi ya kumeneko, madzulo chimodzimodzi, thukuta la munthu wina likuuma pa malaya anga. Ndikafika ndinkayamba ndasamba ndi ndowa kuseri ndisanalowe m'chipinda, ngakhale kuti munalibe mwana woti ndimugwire. Oyandikana nawo ankandiyamikira kuti Mnyasa uyu ndi waukhondo. Sindinawauze chifukwa chake.

Mzee Kambewa sanapite patali ndi sukulu, ndipo mfuti sanaigwirepo. Koma anakalambira pamalo paja akuimirira kumbuyo kwa alendo, asilikali opuma, aphunzitsi ndi ana awo a sukulu, zidzukulu za ogona pansiwo, ndipo makutu ake sankataya kanthu. Nkhondo anaidziwa mmene wogulitsa pa siteji amadziwira mabasi amene sanakwerepo. Vuto lake linali lakuti analibe womuuza, mpaka ndinabwera ine.

Dzina la Nkhondo ya Chiwaya ndinkalidziwa kuchokera kumudzi, koma m'mutu mwanga inali ngati nkhondo za makolo zija: amuna akumana pachigwa, amenyana mpaka dzuwa kupendeka, opambana atenga ng'ombe, aliyense abwerera kwawo. Mzee anati ndiiwale zimenezo. Imeneyi inali nkhondo ya mafakitale. Wopambana sanali wolimba mtima, koma amene kwawo makina sanaleke kusula zipolopolo, ndipo sitima zake za pamtunda ndi za pamadzi sizinaleke kufika. Chiwaya chenichenicho inali mfuti yodya zipolopolo za pa lamba, moti munthu mmodzi atakhala pansi ankatha kugwetsa amuna a mudzi wonse ndudu isanathe pakamwa. Ndiye ku Ulaya asilikali anakumba ngalande zakuya n'kukhalamo, awa uku awa uko, kuyang'anizana mvula ndi chilimwe. Pakati pawo panali malo opanda mwini, a matope ndi waya waminga, ndipo wopondapo ankagwera pomwepo.

Anandiuzanso kuti nkhondo yotere imalowa dziko lonse, osati asilikali okha. Mayi wa m'fakitale, mlimi, ng'ombe ya pangolo, onse amawerengedwa kuti ali pankhondo. N'chifukwa chake mdani amatseka nyanja kuti chakudya chisafike kwa ana a mnzake, ndipo akamathawa amatentha nkhokwe za anthu osalakwa kuti womuthamangitsa asapeze chodya. Amuna odzipereka okha akatha, boma limayamba kulemba anthu mokakamiza. Ine ndinkangoti eya, eya, maso ali pa udzu, chifukwa dzuwa la ku Dar silipatsa munthu mpata wophunzira.

Mawu amenewa Mzee ankawagwiritsa ntchito pa chilichonse. Iye akakhala pamthunzi n'kumanola sizasi ankati ali kumbuyo, kumene kumakonzedwa zida, ndipo ine wogwada padzuwa ndinali kutsogolo, kumene kumafa anthu. Kampata ka pakati pa mpanda wathu ndi msewu, kamene ogulitsa machungwa ankatayako makoko ndipo palibe ankasesako, kanali malo opanda mwini. Mdani wathu wamkulu anali dawe, udzu uja umene ukauzula lero mawa wamera, chifukwa timbatata take timatsala pansi. Tsiku lina nditatopa ndinaponya khasu, n'kunena kuti ntchito imeneyi ndi yopusa.

"Pole, ndugu yangu," anatero Mzee pondipepesa m'Chiswahili. "Iyi ndiyo amati nkhondo yotopetsana. Iwe supambana lero, dawe sapambana lero. Tingoona amene ayambe kutha."

Chilimwe chikafika dawe n'kufota, ine ndinkati tapeza mtendere. Mzee ankakana. Ankati uku ndi kungoleka kuwomberana, ndipo pangano loleka kuwomberana ndi mtendere ndi zinthu ziwiri zosiyana, mvula ikagwa ndidzaona ndekha.

Kumudzi ankadziwa kuti ndili m'maluwa, mpaka Layitoni anakafika ku Ntchisi ndi kamwa lake. Esinati anandiimbira foni ali wokwiya, anati anthu akumuseka kuchigayo kuti sopo amene akusambira ndi wa kumanda. Ndinadikira kuti amayi nawo andikalipire. Koma atalandira foni, mawu awo anali odzaza ndi chimwemwe. Anafunsa ngati n'zoona kuti manda amenewo ndi a Nkhondo ya Chiwaya. Nditavomera anati Mulungu sagona, wandiika pakhomo penipeni.

Nkhani yake ndinkaidziwa pang'ono. Amayi anali ndi atsibweni awo, a Mphonde, mlongo wawo wa agogo anga, amene iwo sanawaonepo. Anawagwira amesenjala a boma ali kumunda nthawi yopalira, akuti chifukwa cha msonkho, n'kuwamanga chingwe pamodzi ndi amuna ena kupita nawo ku mtengatenga, ntchito yosenzera asilikali katundu. Agogo anali kamtsikana tsiku limenelo, ndipo ndiwo anali atawapititsira madzi kumundako. Ena anabwerako nkhondo itatha, owonda ndi otsokomola, koma a Mphonde ayi. Popeza palibe anabwera kudzanena kuti amwalira, maliro sanalire, thunthu la nthochi sanaliike m'manda m'malo mwa thupi, ndipo palibe anameta. Agogo anadikira mlongo wawo mpaka imvi, ndipo pomwalira anasiyira amayi mawu akuti munthu ameneyu adzabwere kwawo.

Ndiye kwa amayi nkhani inali yapafupi. Anthu ofera pankhondo amaikidwa kumanda a nkhondo, mwana wawo amagwira ntchito kumanda a nkhondo, chatsala n'chiyani? Anandiuza kuti ndipeze pamene agona atsibweni awo, nditapepo dothi lodzaza manja, ndibwere nalo tidzaliike pafupi ndi agogo.

Ndinayamba kuwerenga miyala. Ndinkaiwerenga pothirira, mzere ndi mzere, ndi Chingerezi changa cha pulayimale. Panali Angerezi, Mabunu, Amwenye, ngakhale Ajeremani amene ankamenyana nawo, onse atagona mwaulemu pa kapinga mmodzi. Ena anali anyamata ang'onoang'ono, ndipo ndinkawamvera chisoni ndithu. Koma Mphonde panalibe, ngakhale dzina lofanana nalo. Nditamaliza ndinayambiranso, kuopa kuti mwina ndinadumpha.

Mzee anandiona, ndipo nditamufotokozera sanaseke. Anandikhazika pamthunzi, kumbuyo kuja, n'kundiuza kuti nkhondo ya kuno sinali ya m'ngalande ngati ya ku Ulaya, inali yothamangitsana m'tchire. Koma asilikali amadya tsiku lililonse, ndipo chiwaya chimadya kuposa iwo. Gulu lililonse la nkhondo limakhala ndi njira ya katundu yochokera kumbuyo kufika kutsogolo, ndipo ikaduka, nkhondo yatha ngakhale popanda kuwombera. Ku Ulaya njira imeneyo inali njanji. Kuno ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe, magalimoto ankatitimira m'matope, ndiye njanji yake inali mitu ya anthu.

Kenaka anandiuza chinthu chimene sichinandichokebe m'mutu. Anati wosenza chakudya nayenso amadya, ndipo amadya chomwe wasenzacho. Ulendo ukatalika, pofika kutsogolo thumba latsala theka, ukatalikirapo amafika ndi thumba lopanda kanthu. Ndiye akuluakulu a nkhondo anali ndi njira ziwiri, kuchulukitsa osenza kapena kuwachepetsera chakudya, ndipo anachita zonse ziwiri. Anthu ankagwa ndi kamwazi, malungo ndi njala. Wogwa ankamukokera pambali, katundu wake n'kugawana otsalawo, mzere n'kumapitirira.

Ndinafunsa za miyala ina imene ndinaiona yopanda dzina. Mzee anati amenewo ndi osadziwika, thupi linapezeka koma dzina ayi. Palinso osowa, amene dzina lilipo koma thupi silinapezeke, ndipo amenewo amalembedwa pakhoma.

"Nanga a mtengatenga?"

"Ambiri a iwo alibe mwala, alibe khoma. Ankawerengedwa pamodzi ndi abulu ndi matayala, kuti zatha zingati mwezi uno, tiitanitse zina."

Tsiku limenelo mtima unandiwawa kwambiri, ndipo udzu ndinauzula mwaukali.

Ndinawauza amayi zoona zake, kuti atsibweni awo mulibe m'manda amenewa. Sanakhulupirire. Anati ndiyang'ane bwino, mwina azungu analemba dzinalo mokhotakhota, paja iwo lilime lawo ndi lolemera. Kuyambira pamenepo foni iliyonse inkatha chimodzimodzi. Tikamba za mvula, za mbuzi, za sukulu ya Tadala, kenaka iwo n'kufunsa kuti nanga atsibweni. Patapita nthawi anayamba kunena za maloto. Ankalota munthu wamwamuna ataimirira kumapeto kwa bwalo lathu, katundu ali pamutu, thukuta lili kamukamu, ndipo palibe wotuluka kudzamutula. Kwathu mlendo akafika atasenza umamuchingamira n'kumulandira katundu, ngakhale usanadziwe kuti ndi ndani. Amayi ankati manyazi amenewa akuwalepheretsa kugona.

Layitoni, atandipeza tsiku lina tikudya chipsi cha mazira ku Tabata, anati ndikudzivutitsa chabe. Dothi ndi dothi, nditape paliponse pamandapo, gogoyo asangalale, adziwa ndani? Ndinaganizira ndithu, chifukwa kutopa kumakongoletsa nzeru zoipa. Koma ndinamufunsa kuti nanga ndikatapa pa mzungu wina, n'kupita naye ku Ntchisi, n'kumugoneka pafupi ndi agogo, adzamvana chinenero chanji? Munthu wa eni ake, wozolowera kapinga wothirira, akadzayamba kuvutitsa ana kutulo kufuna kwawo, tidzamubweza bwanji? Layitoni anaseka, koma sanabwerezenso.

Zaka zinapita mmene zimapitira kuchilendo, osaziona. Chimene ndinkalandira chinkayamba chadutsa kwa mwini nyumba, kwa wa daladala, kwa wa madzi, kwa wokonza mapepala okhalira m'dziko la eni, ndipo malungo akabwera ankatenganso gawo lawo. Chofika ku Ntchisi chinali chotsalira, ndipo Layitoni ankachinyamula m'thumba la malaya osamva kulemera. Kupita kumudzi ndinkapita mwa apo ndi apo, chifukwa ulendo umodzi unkadya zonse za chaka. Tadala anakulira pafoni. Mawu ake anasintha ndikumva, kuchoka pa kamwana kofunsa masiwiti kufika pa munthu wondipatsa moni ngati mphunzitsi wake. Nditamva kuti ena kumudzi ayamba kunditchula mtchona, ndinakwiya, kenaka ndinaona kuti sakunama kwenikweni.

Mwezi wa Novembala uliwonse kunkabwera akuluakulu ovala masuti ndi mayunifolomu, kudzakumbukira tsiku limene mfuti zinaleka kulira. Ife tinkakonzekera milungu yambiri, kenaka tsikulo likafika tinkabisa mapaipi n'kukaima kuseri kwa mpanda. Ankaika maluwa ofiira, wina n'kuliza lipenga, onse n'kukhala chete kwa kanthawi. Mzee ankaimirira njo ngati msilikali, mimba ili patsogolo. Chaka china atamwazikana anandinong'oneza kuti kuno uthenga woleka nkhondo unafika mochedwa, moti anthu anapitiriza kusenza ndi kugwa nkhondo itatha kale. Ine pa kachetechete kaja sindinkapemphera. Ndinkangoganiza za msana wanga, ndi makoko a machungwa amene mawa ndidzawapeze atawunjikana pageti.

Mzee anadzadwala matenda oumitsa ziwalo, ndipo mwana wake wamkazi anamutengera kwake ku Kimara. Ine ndinakhala wa pamthunzi, wonola sizasi, koma nkhani zosimba ndinalibe. Mawondo anali atayamba kulira ndikamagwada. Dawe anali yemwe uja, wobiriwira ngati tsiku loyamba.

Kenaka Esinati anaimba foni masana, nthawi imene sankaimba. Anati amayi aleka kutuluka m'nyumba, chakudya akungolawa, ndipo akunena kuti sangapite kukaonana ndi mayi awo chimanjamanja. Anati ngati ndikufuna kuwapeza akulankhula ndinyamuke. Amayi atawapatsa foni sanandipatse n'komwe moni, anangoti, "Nanga atsibweni?" Mawu ake anali aang'ono kwambiri.

Ndinakwera basi yothamanga imene amati mwendokasi kupita ku Kimara. Mzee ndinamupeza pakhonde, dzanja limodzi lili lende, pakamwa patakhota. Nditamupatsa shikamoo, moni wa akulu, ndinamuuza kuti ndagwira njakata: kupita wopanda dothi ndi kupha amayi ndi chisoni, kupita ndi dothi la mwini ndi kuwanamiza pa bedi la imfa. Anayang'ana malole odutsa mumsewu wa ku Morogoro. Kenaka anandifunsa, movutikira, ngati ndikudziwa kumene anthu a ku Nyasaland ankalowera m'dziko lino. Anati ambiri ankadzera ku Karonga, n'kukwera mapiri a ku Tukuyu, n'kumapita cha ku Mbeya ndi ku Iringa.

"Si njia ya Layitoni imeneyo? Iwe wakhala ukudutsa pa manda a mjomba, atsibweni a mayi akowo, uli m'tulo. Manda ake ndi msewu. Tapa pamenepo, ndipo mayi ukawauze zoona."

Ntchito ndinaisiya Lachisanu lake. Ndinapereka makiyi ndi sizasi kwa amene ankanditsatira, ndinayenda kamodzi m'mizere kutsanzikana ndi anthu anga ogona, chifukwa tinali titazolowerana, ndipo ndinatuluka. Palibe analiza lipenga. Katundu wanga yense wa zaka zonsezo anakwana m'chikwama chimodzi ndi ndowa yosambira ija.

Layitoni anali atachita imvi, shuga atamugwira, koma kamwa linali lomwe lija. Nditamuuza kuti tiziima m'njira anadandaula kuti bwana wake amaiona lole pa kompyuta. Anaimabe. Titadutsa Iringa ndinatsika, ndinalowa pang'ono m'tchire, ndinagwada n'kutapa dothi lofiira kuika m'kathumba ka nsalu. Ndinalankhula mokweza, mmene timachitira potenga maliro.

"A Mphonde, ndine mdzukulu wanu, mwana wa Nachisale. Ngati muli pano, dzukani tizipita kwathu."

Ndinachita chimodzimodzi pa Makambako, pamene mphepo inkafuna kundilanda kathumbako, ndiponso tisanalowe mu Mbeya, ndi ku Tukuyu pakati pa nthochi, pamene dothi lake ndi lakuda ndi lozizira. Poyamba Layitoni ankatsala m'lole akuliza wailesi. Pa Tukuyu ndinatembenuka n'kumuona ataima kumbuyo kwanga, chipewa chili m'manja. Ndinayang'ana mapiri amenewo, mmene lole yathu inkalirira powakwera, n'kuganiza za munthu wopanda nsapato ali ndi bokosi la zipolopolo pamutu. Pa mlatho wa Songwe ndinawauza kuti tikuwoloka, asatsalire, tsidya linalo ndi kwathu. Kuchokera pamenepo mpaka ku Karonga Layitoni sanalankhule, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire.

Ndinafika kumudzi dzuwa lili paliwombo. Esinati anandigwadira n'kundipatsa moni wa alendo, ndipo tonse tinasowa poyang'ana. Tadala anali ndi mwana wakewake kumsana, amene atandiona anabisa nkhope. Nyumba inali ndi malata mbali imodzi, mbali inayo udzu, ndipo ndinadziwa kuti pamene pathera malatapo ndi pamene panathera mphamvu zanga. Amayi anawatulutsa n'kuwakhazika pamphasa pakhonde. Anali atachepa ngati mwana.

Ndinagwada, kathumba kali m'manja, ndipo ndinawauza zonse. Ndinati atsibweni awo alibe manda, alibe mwala, dzina lawo silinalembedwe paliponse pamene ndinafika. Ndinati dothi ili ndi la m'njira imene anthu akwathu ankadutsa atasenza, ndipo ambiri anagwera m'menemo, koma sindingalumbire kuti a Mphonde ali m'kathumbaka. Mwina muli anthu ena, a ku Dedza, a ku Kasungu, sindikudziwa. Ndinadikira kuti alire kapena andikalipire.

"Ndiye wabwera ndi ambiri," anatero. "Abwere. Nawonso ali ndi alongo awo amene anatopa n'kudikira."

Kenaka anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndili mwana ndikalowa m'nyumba ndi matope. Anati ndalowa molakwika. Munthu amene anachoka atasenza sabwera atalendewera m'manja ngati shuga wa kugolosale. Anandiuza kuti ndibwerere kumapeto kwa bwalo, pamene pathera njira, ndiike kathumbako pamutu, ndiime pomwepo.

Ndinapita. Bambo wa imvi, mawondo olira, nditasenza kathumba kosakwana n'komwe kudzaza chipewa. Anthu oyandikana nafe anali atasonkhana, ndipo palibe anaseka. Esinati ndi Tadala anawadzutsa amayi, wina uku wina uku, ndipo anayamba kubwera, phazi limodzi, kupuma, phazi lina. Bwalo lathu ndi laling'ono, koma tsiku limenelo linatalika. Ndinafuna kuwachingamira, iwo anandiletsa ndi dzanja kuti ndiime pomwepo. Thukuta linkatsikira m'maso ndipo sindinalipukute.

Atafika anakweza manja koma sanafikire, ndiye ndinagwada. Anagwira kathumbako ndi manja awiri, mmene umagwirira mtolo wolemera, n'kukatsitsa pang'onopang'ono mpaka pachifuwa pawo.

"Tulani, atsibweni. Mwafika. Pepani, tinachedwa kutuluka."

Anapereka kathumbako kwa Tadala, n'kuuza Esinati kuti atume munthu kwa adzukulu, mawa kuli maliro ndipo tidzameta. Ine ndinali chigwadire. Ndinamva dzanja lawo likubwerera pamutu panga, likupapasa padazi, ngati likufufuza ngati patsala china.

"Nanga wako katundu uli kuti, mwanawe? Zaka zonsezi?"

Ndinayang'ana chikwama chija ndi ndowa zili pakhonde, ndi malata othera pakati. Ndinawauza kuti ulendo unatalika, amayi, ndinadya m'njira.

Dzanja lawo silinachoke. "Wosenza amadya, nanga akanatani," anatero. "Dzuka, ukasambe. Iwe ndiye sitidzatuma munthu kukakutapa m'msewu."